Kalata Yodzera mwa Ahedi

A Hilario Kamwaza anali atagonjetsa kale Aroma kasanu ndi kawiri, koma pasekondale imene ankaphunzitsa mbiri yakale, kuseri kwa Namitete, panalibe amene ankadziwa kukula kwa nkhaniyi. Nkhondozo zinkachitikira pa laputopu yakale ya mwana wawo Mwayi, m'gemu ina imene munthu amasankha mtundu wa anthu akale, n'kumamanga mizinda, kulima, kuchita malonda ndi kuthira anzake nkhondo.

Kale ankasewera awiri, Loweruka masana, mosinthana mpando. Kenako mayi ake a Mwayi, a Theresa, anamwalira. Abale awo ku Kabudula anawasudzula a Hilario mwaulemu wonse, monga achitira ndi mkamwini mkazi akamwalira: anawathokoza, n'kuwauza kuti ali omasuka kubwerera kwawo. Nyumba ya njerwa imene anamanga inatsala komweko. Sabata yomweyo Mwayi anabwera kudzafunsa ngati apite ku Joni, kumene mnzake anamupezera ntchito. A Hilario, mtima ukuwawa, anayankha kuti iwo ndi mkamwini chabe, nkhani zotere akafunse amalume ake a Petro. Mwayi anakafunsadi, n'kupita. Panali patadutsa zaka zitatu, ndipo uthenga wake unkabwera pa Khirisimasi pokha, mawu anayi.

Komabe a Hilario ankadziwa kumene mwana wawo amapezeka. Pa intaneti panali bwalo la osewera gemuyo, ndipo Mwayi ankalembapo pafupifupi tsiku lililonse ndi dzina loti Kabudula99. Akaweruka, a Hilario ankakwera chulu cha kuseri kwa bwalo la mpira, pamene pankagwira netiweki, n'kuwerenga zonse zimene mwanayo wakambirana ndi anthu a ku Poland. Sankayankhapo. Kwa iwo sizinali zoyenera kuti bambo ayambe.

Mu Juni eni ake a gemuyo anatulutsa chithunzi chosonyeza kuti mitundu itatu yatsopano ikubwera. Pachithunzipo panali ngalawa, ng'oma ndi malawi a moto, basi. Bwalo linatekeseka. Ena ankati ndi anthu a pazilumba, ena ankati ndi ufumu wina wa kuzambwe kwa Africa. Wina anawerenga zingwe za ng'omayo n'kulemba masamba awiri. A Hilario anangoona motowo n'kudziwa kuti ndi Amaravi. Anadziwanso kuti pa dziko lonse lapansi munthu woyenera kufotokoza zimenezi anali mmodzi, ndipo kuti akazifotokoza bwino, Kabudula99 sadzatha kudutsa osanena kanthu.

Analemba masamba anayi, pamanja, m'Chingerezi cha kukoleji. Adiresi anaika kumwamba kudzanja lamanja, tsiku pansi pake. Anafotokoza kuti Amaravi akalowa m'gemu, lamulo loyamba likhale loti makasu awo achitsulo azilima mofulumira kuposa a ena. Lachiwiri, malonda a minyanga azifika mpaka kunyanja yamchere. Lachitatu, Kalonga akamwalira wolowa ufumu akhale mwana wa mlongo wake, ndipo ana ake enieni a mfumu akakula azichoka okha kupita kwa amalume awo, mfumuyo osapeza kanthu. Lamulo lachitatuli linatenga tsamba ndi theka.

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi m'boma zinawaphunzitsa kuti kalata yosadzera mwa mkulu wa pantchito imabwezedwa. Choncho pamwamba analembapo kuti "Kudzera mwa: Mphunzitsi Wamkulu," n'kupita nayo kuofesi. Ahedi, mayi Rozaria Mkanda, anaitembenuza uku ndi uku n'kufunsa kuti ikupita ku unduna uti. A Hilario anati ikupita kunja. Mayiwo anadinda, n'kusayina, kenako anafunsa ngati mayeso a Fomu 3 anatha kuchonga.

A Hilario anajambula masamba onse anayi ndi foni, n'kuwatumiza ali pachulu.

Mayankho anabwera atatu. Woyamba anafunsa ngati imeneyi ndi samani yakukhoti. Wachiwiri, wa ku Brazil, anati chidindocho n'chokongola. Wachitatu anati lamulo lachitatulo lingafooketse mtunduwo, chifukwa palibe wosewera angalere ana oti akapindulitse wina. A Hilario anauza anzawo muofesi ya aphunzitsi kuti kalata yawo yadzutsa mtsutso m'mayiko angapo. Anzawowo anavomereza ndi mitu, akupitiriza kukambirana za feteleza.

Kabudula99 masiku amenewo analemba za ngalawa, za ng'oma, ngakhale za nyimbo za m'gemumo. Pa kalata ija sanafikepo.

Kumapeto kwa Julayi mitundu ija inalengezedwa. Amaravi munalibe. Motowo unali wa anthu ena a kumapiri a kutali, amene a Hilario anali asanawaphunzitsepo. Tsiku limenelo anakwera chulu mphepo yozizira ikuwomba, ndi cholinga chokachotsa kalatayo anthu asanaikumbuke. Anapeza pansi pake pali yankho lachinayi, lokhalo la m'Chichewa pabwalo lonselo.

"Ababa, makasu ndi minyanga zili bwino. Koma lamulo lachitatulo si la Amaravi okha, mwawonjezamo lanu. Amalume sanandiitane. Munanditumiza ndinu."

Anawerenga kawiri. Wa ku Brazil uja anali atafunsa kale kuti wina amasulire.

Anatsika chulu, n'kukalowa m'nyumba yawo ya aphunzitsi, n'kutenga pepala loyera. Adiresi kumwamba kudzanja lamanja. Tsiku. Dzanja linapitirira lokha mpaka linalemba kuti "Kudzera mwa," ndipo pamenepo linaima. Anaganiza za mayi Mkanda. Anaganiza za a Petro ku Kabudula. Panalibe wina woti dzina lake likwane pamzerepo.

Anabwereranso pachulu n'kuimba foni. Inaitana nthawi yaitali.

"Ndili pantchito, ababa."

"Ndamva. Ndimati lamulo lija ndalichotsa."

Kunamveka phokoso la makina, ndi wina akukuwa m'chinenero china.

"Gemu ija akuti anthu amatha kusewera atatalikirana, eti?" anafunsa a Hilario.

"Amatha."

"Loweruka, 3 koloko?"

"Ndiona mashifiti," anatero Mwayi, foni n'kuduka.

Loweruka a Hilario anatchaja laputopu kuyambira m'mawa. Itakwana 2 koloko ananyamula katebulo kupita nako pachulu, kenako mpando. Atayala zonse anabwereranso kunyumba kukatenga mpando wachiwiri, ndipo anazindikira ali pakati pa bwalo la mpira kuti ulibe ntchito. Kubwerera nawo kunali kutali mofanana ndi kupitiriza, choncho anafika nawo. Anauika pambali pawo, n'kutsegula gemu, n'kusankha Aroma kuti mwanayo akabwera asavutike kuwagonjetsa.