Mendulo M'phiko la Ndege

Ndinamuuza Firmin, mdzukulu wanga, kuti chinthu cha matabwa ndi nsalu si chokwera munthu wobatizidwa. Sanamve. Ana amakono samva.

Ndege zawo zinkakhala pachitunda cha Malzéville, kumtunda kwa mudzi wathu, zamapiko awiri osanjikizana, zonse zopakidwa utoto wakuda kuti Ajeremani asazione mumdima. Dzuwa likalowa zinkanyamuka ndi mabomba, iye atakhala kutsogolo, chisanu chikumumenya kumaso.

"Wavala sikafu?" ndinkatero. "Usasuzumire pansi, uchita chizungulire."

"Agogo, ndiye ndiziponya mabomba nditatsinzina?"

"Pakamwa pakopo!"

Kwathu kuno mwana akamapita kunkhondo timamusokera mendulo ya Amayi Maria m'jekete. Firmin anakana, akuti anzake amuseka. Chabwino, ndinati mumtima, ndisokera ndegeyo, nayonso ndi nsalu. Tsiku lokapereka zovala za asilikali zimene ndinkachapa, ndinazemba, ndinalowetsa mendulo kunsi kwa chigamba cha phiko n'kusoka bwinobwino. Manambala akumchira sindiwawerenga. Ndegeyo ndinaidziwira chigambacho, poti Firmin anandionetsapo.

M'mawa mwake ndinaima kumpanda wa bwalo la ndege. Ndege yanga ija itatera ndinathamanga, nsapato zanga zathabwa zili gogogo. Koma wotsikamo anali Anatole, mnzake wa Firmin, wamasiye wowonda ngati bango.

"Firmin ali kuti?"

"Yake ndi ina, agogo. Sinabwerebe."

Kani zigamba zili pa ndege zonse! Chitetezo cha mdzukulu wanga ndinali nditachipereka kwa mwana wa eni. Ndinakhala pansi pomwepo, maso kum'mawa, korona m'manja. Anatole anandifunditsa chikhoti chake n'kukhala nane.

Dzuwa lili pamutu kunatulukira ngolo ya mlimi. Pamwamba pa kabichi panali Firmin ndi woyendetsa ndege yake, matope mpaka m'makutu. Injini inawazimira, anagwera m'munda.

"Musalire agogo," anatero Firmin, "amene wafa ndi kabichi wa eni."

Ndinamukwapula ndi mpango, kenako ndinamukumbatira, za mendulo zonse n'kuziulula. Anatole atamva anasolola kampeni.

"Ndikaichotse, ndi ya Firmin."

Ndinamugwira dzanja. Phiko la ndege yake ndinali nditaliona, lobooka ndi zipolopolo ngati sefa, iye wopanda ndi kabala komwe.

"Iwe, uli naye wokusokera?"

Anapukusa mutu.

"Ndiye isiye. Ukaikhudza ndikudula makutu." Ndinatembenukira kwa Firmin. "Vula jeketelo."

Ndinamasula mendulo yanga, imene sinachokepo m'khosi mwanga chibatizidwire, n'kutulutsa singano. Firmin sanatsutse. Anangokhala pa gudumu la ngolo, kuyang'ana zala zanga.

"Anzako akaseka, uwatumize kwa ine," ndinatero ndikudula ulusi ndi mano. "Ndipo nonse awiri, madzulo ano masikafu m'khosi. Anatole, yako ili kuti? Usandiname."