Timibulu ta a Yesaya

Norma anali asanatule n'komwe chikwama pamene bambo ake, a Yesaya, anamuitanira kuchipinda. Anali atachokera ku Kadoma, kumene ankakhala, pa minibasi yotchedwa kombi m'mawa wa Loweruka, atawatengera mapiritsi a mwezi watsopano. Chaka chatha mtima unawathina a Yesaya ali m'dimba, ndipo dokotala ananena kuti mafuta achuluka m'magazi mwawo. Anati azimwa kapiritsi kamodzi tsiku lililonse, apo ayi mitsempha idzatsekeka. Chiyambire nthawi imeneyo, Norma ndiye ankagula mankhwalawo n'kumawaperekera kwawo ku Pfupajena, m'tauni ya Chegutu.

"Tabwera udzaone zodabwitsa, mwanawe," anatero a Yesaya, nkhope ili ngwee.

Anasolola botolo la mayonezi kunsi kwa bedi. Mkatimo munali timibulu tobiriwira, tofewa ngati nandolo wovunda, tikuyandama m'madzi achikasu. Atangotsegula, fungo linamukwera Norma mpaka kukhosi.

"Baba, n'chiyani chimenechi?"

"Mafuta aja amanena dokotala wako. Atuluka onse. Ndinachita kusefa ndekha ndi sefa ya tiyi."

"Kusefa kuchokera kuti?"

A Yesaya analoza kuchimbudzi ndi mlomo.

Norma anathamangira panja n'kukasanza patsinde pa mango. Podutsa m'khitchini anaiona sefayo itapachikidwa pamsomali wake wa masiku onse.

Nkhani yonse inatuluka pambuyo pake. A Jobu, mnzawo amene ankagwira naye ntchito ku fakitale ya nsalu isanatsekedwe, tsopano ankagulitsa mankhwala otsuka m'thupi. Munthu ankagona ndi njala, kenako n'kugugudiza kapu ya mafuta ophikira osakaniza ndi mandimu ndi kaufa kena kotuwa. Amuna ambiri a mumsewu wawo anali ndi mabotolo awoawo, ndipo ankaonetsana pamasewera a ntchuwa, kupikisana kuti watulutsa zambiri ndani.

"Baba, amenewa ndi mafuta omwewo munamwa, angoundana m'mimba. Nanga mapiritsi aja?"

Mapaketi anali pamwamba pa wadiropu, osatsegula, atachita fumbi.

"Amandiphwanyitsa miyendo."

"Bwanji osanena? Dokotala akanakusinthirani ena."

"Mankhwala otani omwa mpaka kufa? A Jobu anditsuka kamodzi, basi ndachira. Tadya sadza, usandisokose."

Norma sanadye nsimayo. Ngakhale madzi a m'nyumbamo anamukanika kumwa.

Patapita masiku, atatuluka ku ofesi ya kampani ya thonje kumene ankagwira ntchito, analowa m'sitolo ya mankhwala ku Kadoma kukagula mankhwala a mutu. Patsogolo pake pamzere panali mkulu wovala jekete lotuwa, khosi lonenepa litapindikira pakolala. Mtsikana wogulitsa anamupatsira kabokosi, akumutchula kuti sekuru, ndiye kuti agogo.

"A mafuta a m'magazi aja ndi awa, sekuru. Limodzi tsiku lililonse, monga mwa nthawi zonse."

Mkuluyo atatembenuka, Norma anaona kuti ndi a Jobu. Kabokosiko kanali kofanana ndi timene tinkachita fumbi kwa bambo ake.

"Aa, mwana wa achimwene! Kuli bwanji kunyumba?"

"Sekuru, mwasiya masitolo onse a ku Chegutu kudzagula kuno?"

A Jobu anaponya kabokosiko m'thumba la jekete, n'kuseka pang'ono. Pamlomo pawo panali ponyezimira mafuta a tchipisi.

"Mtima wanga ndi wovuta, mwana wanga. Suli ngati wa anthu ena."

"Nanga wa bambo anga ndi wotani?"

"Ine sindikakamiza munthu. Amabwera okha, ndipo amachoka akusangalala. Ukufuna ndidye chiyani? Penshoni yathu unaionapo iwe?"

Anatambasula dzanja kuti atsanzikane. Norma anangoliyang'ana dzanjalo, lonyowa ndi thukuta, mpaka mwini wake analibweza.

Ali pakhonde pa sitoloyo anaimbira bambo ake n'kuwafotokozera zonse. Iwo anamutsutsa.

"Waona molakwika. Kapena amagulira mkazi wawo."

"Baba, andiuza ndi pakamwa pawo."

"Ine ndi a Jobu tinadyera mbale imodzi iwe usanabadwe. Usandiphunzitse anthu." Foni inadulidwa.

Mvula yoyamba itagwa, a Yesaya anagwa pakhomo akumanga chingwe cha nsapato. Anthu oyandikana nawo anathamangira nawo kuchipatala. Moyo unatsala, koma sitiroko inawapha dzanja lamanzere n'kuwapotoza pakamwa.

A Jobu anabwera kudzazonda atanyamula malalanje atatu. Anagwada pambali pa bedi, anagwira dzanja lakufalo n'kupemphera mokweza mpaka odwala ena anavomereza kuti ameni. Norma anatuluka n'kukaima pafupi ndi mpopi. Atabwerera anapeza bambo ake akuyesetsa kusenda lalanje ndi dzanja limodzi.

Atatulutsidwa m'chipatala, Norma anawatengera kwake ku Kadoma. Dokotala anawasinthira mapiritsi, ndipo miyendo sinaphwanyenso. M'mawa uliwonse Norma ankawaika piritsi pa lilime, n'kuwapukuta madzi otsikira pachibwano. Ankameza maso ali pawindo.

Tsiku lina anamugwira mkono. Mawu ankatuluka movutikira, ndipo Norma anawerama kuti amve bwino.

"A Jobu sanaimbe?"

"Sanaimbe, baba."

"Uwatumizire nambala ya kuno. Mwina sakuidziwa."