Shopu ya Malemu Whyson

Magetsi anazima Mainess atangometa theka la mutu wa kasitomala. Makina anangoti zii m'dzanja lake. Bamboyo, kondakitala wa minibasi, anadziyang'ana pagalasi n'kupukusa mutu.

"Manje nizayenda bwanji ku nchito so? Ba Mainess, aka ni komaliza. Nizayamba kugela tsitsi ku tauni."

Anavala chipewa n'kutuluka. Mainess sanamuitane. Anakhala pampando wometera, maso ali pa tsitsi limene linali pansi.

Shopuyo inali ya mwamuna wake Whyson, kachipinda ka malata kutsogolo kwa nyumba yawo ya lendi m'komboni ya Kanyama. Whyson atayamba kudwala impso, anaphunzitsa mkazi wake kugwira makina, iye atakhala pabenchi miyendo itatupa. Anamwalira mvula isanagwe. Poyamba amuna ankachita manyazi kumetedwa ndi mkazi, koma pang'ono ndi pang'ono anazolowera dzanja lake.

Kenako kunabwera chaka cha chilala. Madzi anatsika kudamu la Kariba kumene amapangira magetsi, ndipo magetsi ankangobwera kwa kanthawi n'kupitanso. Ufa unakwera, makala anakwera. Mainess ankagula mayunitsi a magetsi, kugulanso makandulo kuti Ketty, mwana wake wamkulu, awerengere mayeso, kulipiranso kwa anthu a jenereta kuti amutchajire foni. Anagulitsa firiji, kenako wailesi ya Whyson. Pomaliza anachita chimene analumbira kuti sadzachita: anakweza mwana wake wamng'ono, Ennie, basi ya ku Petauke kuti akakhale ndi agogo ake. Ennie sanalire. Anangosuzumira pawindo n'kufunsa kuti, "Amayi, nalakwa chani?"

Funso limenelo linamukhala pamtima Mainess. Tsiku la kondakitala lija linamumaliza mphamvu. Anakulunga makina ometera m'thaulo, n'kuuyamba wa kumsika kuti akagulitse.

Pa kamlatho kodutsa ngalande anakumana ndi Felistus, mnansi wake amene ankaimba naye kwaya. Felistus anaphunzira ntchito yoika sola, magetsi a dzuwa, kusukulu ya ntchito zamanja, ndipo anali atanyamula thumba la zida zake.

"Amake Ketty, mwakulunga chani monga maliro?" anafunsa Felistus.

Mainess anatsegula thaulo. Anamuonetsa makinawo.

"Nalema, ba Felistus. Malaiti kulibe, makasitomala bathaba. Nikagulitsa aya, tizadya."

"Muzadya sabata imodzi. Nanga pambuyo pake? Tiyeni kunyumba, muone vamene nili navo."

Kunyumba kwa Felistus babu inkayaka, mafoni a anansi ali pa tchaji, pamene komboni yonse inalibe magetsi. Anamuonetsa panelo ya sola padenga, batire, ndi kabokosi koteteza batire kuti isadzaze mopitirira kapena kutheratu.

"Sola ni ya anthu olemera," anatero Mainess. "Ine widow nizaikwanisa kuti?"

"Ya olemera ni ija ikulu, yoyendetsa firiji na sitovu. Imwe mufunika ing'ono chabe: mababu, foni, na makina ogelera otchaja. Muyamba na vamene vikubweretserani ndalama. Mashopu ena alola kulipira pang'ono pang'ono. Chilimba chanu simunatenge?"

Chilimba ndi kagulu kosonkherana ndalama n'kumapatsana mosinthana, ndipo Mainess anali m'kagulu kotere ka azimayi a kutchalitchi. Nthawi yake inali isanafike. Lamlungu anaimirira pakati pa anzakewo n'kufotokoza zonse, misozi ili m'masaya. Mayi amene inali nthawi yake anati, "Tengani imwe mwezi uno. Ine nizayembekeza."

Mainess ankafuna kugula panelo yotchipa imene anaiona itayalidwa m'mbali mwa msewu, koma Felistus anakana.

"Izo zina zimafa mwezi usanathe, na wogulitsa simuzamupeza. Tigule mu shopu yamene ipatsa risiti na chitsimikizo chakuti ikaonongeka bazakonza."

Mainess anapempha chilolezo kwa mwini nyumba, ndipo iye anavomera atamva kuti paneloyo ingathe kuchotsedwa posamuka. Atagula panelo, batire ndi makina ometera otchaja, Felistus anakwera padenga ndi paneloyo, nailozetsa kumpoto kumene dzuwa limaiomba bwino, kutali ndi mthunzi wa mtengo wa mango, n'kuimanga ndi mabawuti kuti akuba asainyamule. Batire anaiika pashelefu yapamwamba.

"Mukudziwa Kanyama yathu mvula ikagwa," anatero. "Madzi akalowa m'nyumba, batire isakhale pansi. Iziona mphepo, bana basaigwire. Fumbi pa panelo muzipukuta m'mawa na kansalu konyowa. Ayironi na ketulo osalumikiza, vizaipha. Chikavuta, osakonza mweka, muniitane."

Madzulo a tsiku limenelo, dzuwa litangolowa, Mainess anayatsa babu m'shopu. Kuwala kunagwera pampando wa Whyson, pagalasi lake long'aluka pakona. Anagwira mpandowo n'kulira kwambiri kuposa mmene analirira pamaliro. Ketty anamukumbatira.

Mbiri inafala kuti kwa Mainess amameta ngakhale magetsi atapita. Makasitomala anayamba kubwerera, ena n'kusiya mafoni kuti atchajidwe. Makandulo anasiya kugula. Mayunitsi anayamba kukhalitsa, chifukwa magetsi a kampani ankangowagwiritsa ntchito positira zovala. Ketty anawerenga bwino mpaka kulemba mayeso ake.

Temu ya sukulu itatha, Mainess anapita yekha ku Petauke kukatenga Ennie. Anamupeza atawonda, atatsalira kusukulu, ndipo masiku oyamba mwanayo ankagona atagwira chitenje cha amayi ake, kuopa kuti amusiyanso. Zimenezo sola sikanatha kuzikonza. Zinafunika nthawi ndi chikondi.

Tsiku lina mayi wogulitsa tomato pafupi ndi shopu anadandaula kuti ndalama zake zonse zikuthera ku makandulo ndi mayunitsi, ndipo akuganiza zotulutsa mwana sukulu. Mainess anaika makina pansi.

"Mvelani ine, nalipitamo. Osayembekeza mpaka mugulitse vonse monga ine. Yambani na ing'ono. Mailo kukacha tiyende kwa ba Felistus."

Phunziro: Sola yaing'ono ingachepetse ndalama zimene banja limawononga pa magetsi ndi makandulo, ndipo ingateteze bizinesi magetsi akazima. Yambani ndi yokwanira zofunika zanu zenizeni. Gulani kwa wogulitsa wodalirika, iikidwe ndi munthu wophunzira ntchitoyo, ndipo muziisamalira. Funsani uphungu msanga, vuto lisanakulandeni zimene simungathe kubweza.