Dzanja la Azakhali Orfelina

Herminda sanadye m'mawa umenewo, buledi anangomugwira n'kumusiya. Komiti yopepesa anthu omwe anazunzidwa ali ana ku nyumba ina ya ana amasiye mumzinda wa Temuco inali itamuitana. Inkafuna chinthu chimodzi basi, anene ndi pakamwa pake zomwe woyang'anira ana kumeneko anamuchita. Akapanda kunena, chipepeso palibe, ndipo adzafa akutchedwa wabodza.

"Amayi, mukunjenjemera ngati nkhuku yonyowa," anatero mwana wake Yasna ali m'basi. "Munthu wake ndi nkhalamba yotha mano. Akulumani ndi chiyani?"

Herminda anayesa kuseka koma zinakanika. Mwana wadzulodzuloyu angadziwe chiyani?

Muholo munkazizira. Mkulu wa komiti, mayi wina wa magalasi, anamuuza kuti ayambe, asaope. Anayambadi. Ananena za kusambitsidwa madzi ozizira m'chisanu, za kugwaditsidwa pamiyala mpaka mawondo kutuluka magazi. Mawu anali atayamba kumasuka pamene chitseko chinatseguka, loya wa nyumba ija n'kulowa akukankha njinga ya olumala. Panjingapo panali Orfelina, woyang'anira ana uja, amene onse ankamutchula kuti Azakhali. Anali atatha, bulangete lili pamiyendo. Koma maso ake, mayo ine, anali omwe aja!

Mtima wa Herminda unangoti myuu. Anachita mantha ngati kamwana. Nkhalambayo inangotambasula dzanja.

Abale inu, zaka makumi asanu si kanthu. Herminda, mayi wa imvi zake, anangopezeka wadzuka, wagwada, wapsompsona dzanjalo.

"Zikomo, Azakhali."

Ndi mmene ana ankachitira akamenyedwa kumeneko. Ukapanda kuthokoza, lamba ankayambiranso.

"Mwadzionera nokha," anatero loya uja akumwetulira. "Munthu angapsompsone dzanja lomwe linkamuzunza?"

"Amayi, dzukani apo! Auzeni!" Yasna anakuwa, misozi ili mbwembwembwe.

Mkulu wa komiti anavula magalasi. "Mayi Herminda, musaope. Tiuzeni, mwachitiranji zimenezi?"

Yankho anali nalo, linali pakamwa penipeni. Koma ku nyumba ija mwana sankayankha alendo asanapemphe chilolezo. Ali chigwadire, Herminda anakweza chala.

"Ndingayankhe, Azakhali?"

Nkhalambayo inamuyang'ana kwa kanthawi, kenako inapukusa mutu. Herminda anatseka pakamwa.