Jekete la Mabatani Mizere Iwiri

"Tapumani kaye, abambo," anatero mayi ali pakhomo la chipinda.

"Ndikupuma," anayankha amuna awo ndi mawu a munthu amene wasenza thumba la simenti.

Anali ataima pagalasi, atavala jekete latsopano la mabatani mizere iwiri. M'mawa womwewo ankayembekezeka kukaonekera pamaso pa mabwana a kampani, amene ankasankha mkulu wa nyumba yosungiramo katundu. Opikisana anatsala awiri: bambowa, omwe zaka zopumira pantchito zinali zitayamba kuwasuzumira, ndi mnzawo wamtali, wowonda, wotchedwa Nsungwi. Iwowa kuntchitoko ankatchedwa Mgolo. Akazi awo dzinali ankalidziwa, eni ake ayi.

"Wogulitsa uja wanena yekha kuti ili ndi jekete la mabwana. A Nsungwi amavala lotere."

"A Nsungwi alibe thupi, jeketelo limawabwereka chifuwa. Inu chifuwa muli nacho kale, ndi mkulu wake pansipa. Mukunjikenso nsalu ziwiri pamimba imodzi?"

"Amayi, za suti simuzidziwa."

"Suti sindiidziwa, koma mimbayo ndailera ndine."

Mayi anawayang'ana kuyambira kumutu. Jeketelo linawadula msinkhu n'kuwawonjezera m'mbali, moti ankaoneka ngati kabati yovala tayi. Mabwana akangomwetulira pa nthawi yolakwika, udindo wapita, ndipo sudzabweranso. Koma ankawadziwa amuna awo: ukawakoka, amakhala bulu.

Panja taxi inaliza hutala.

"Mafunsowo mukayankha chiimire?" anafunsa mofatsa.

"Mwaona kuti? Amapereka mpando."

"Takhalani tione."

"Nthawi, amayi!"

"Masulani mabatani, mukhale."

"Ili silimasulidwa pagulu. Ndiwo ulemu wake."

"Ndiye khalani ndi ulemu wakewo."

Bambo anakweza chibwano, n'kutsikira pamphepete pa bedi pang'onopang'ono, monga amatsitsira bokosi la magalasi kuntchito. Kolala inakwera mpaka m'makutu. Pachifuwa panayasama. Nkhope inayamba kuda, mtsempha wa pachipumi n'kutukumuka. Anayesa kunena kuti, "Mwaonatu," koma anathera pa "Mwa".

Thaa! Batani linamenya galasi, n'kugubudukira kunsi kwa kabati.

Hutala inaliranso, ulendo uno motalika. Mayi analuma mlomo mpaka unawawa. Ankadziwa kuti akangoseka, bambo apita ndi jekete lomwelo, ngakhale lomangidwa ndi waya.

Anatseka chitseko mwakachetechete. Kuseri kwake kunali jekete lakale labuluu, la mzere umodzi, mabatani awiri, khosi lake lotsika bwino lija limene limatalikitsa munthu. Linali lositasita kale. Sanaliloze, sanalitchule. Anangowerama ngati akufuna batani lija.

Ataweramuka, anapeza bambo akukonza tayi, labuluu lili m'thupi, mpweya ukulowa ndi kutuluka mwaufulu.

"Ndaganiza," anatero bambo akuyang'ana galasi. "Linalo lakula udindo. Kuvala jekete lotere kaamba ka ukulu wa nyumba ya katundu, mabwana angaganize kuti ndikufuna mpando wawo. Mulisunge. Ndidzavala ndikadzakhala bwana wamkulu."

"Mwaganiza mwanzeru, abambo."

Anatuluka mwachifumu. Mayi anasuzumira pawindo, anawaona akumasula batani, n'kukhala m'taxi muja bwinobwino. Kenako anapinda jekete latsopanolo n'kuliika pansi penipeni pa sutikesi. Batani analisiya komwe linagwera.