Mpando wa Achimwene pa Tsiku Losaina

Aka kanali kachisanu kusita mbendera chifukwa cha nkhani imodzimodzi. Ine ntchito yanga ku unduna wa zamagetsi ndi yokonza holo kukamabwera alendo akuluakulu. Mbendera iyi kumanja, iyi kumanzere, madzi akumwa pamalo pake, zolembera zoyesa kale kuti nduna isachite manyazi pamaso pa makamera. Zaka 22 ndikuchita zimenezi. Anzanga amangonditchula kuti Mayi Mbendera, ndipo achinyamata amene alowa ntchito posachedwa amaganiza kuti ndi dzina langa lenileni.

Nkhani yake ndi ya siteshoni yopangira magetsi a nyukiliya. Dziko lathu palokha silingaikwanitse, ndiye pamafunika boma lina lobwera ndi makina komanso ngongole. Oyamba anabwera, anasaina, tinaomba m'manja. Kwawoko boma litasintha, nkhani inangoti zii. Achiwiri anasaina kawiri konse, kenako anati pa chiwongoladzanja sitinamvane. Oyamba aja anabweranso, kudzasaina pepala lonena kuti tipitiriza kukambirana. Tsopano kunabwera achitatu, atatengana ndi banki yawo komanso boma la dziko loyandikana nafe, loti lizidzagula magetsi otsala. Aliyense mu unduna ankati ulendo uno zatheka. Ine ndinkangosita. Ndinali nditatopa nazo, sindibisa.

Amene sanatope anali achimwene anga.

Zaka 18 zapitazo, atangosaina koyamba, boma linatumiza anthu khumi ndi awiri kudziko la oyamba aja kuti akaphunzire kuyendetsa siteshoniyo. Achimwene anali m'gulumo. Anatha zaka zinayi kumeneko, n'kubwerako ndi satifiketi, chijekete cholemera ndi chifuwa chimene sichinawasiye mpaka lero. Siteshoni anapeza ngakhale maziko sanakumbe. Anawapatsa ofesi pansanjika yachitatu mu unduna womwewu, ati adikire kaye pang'ono.

Anthu anayamba kuthothoka mmodzimmodzi. Awiri anamwalira, ambiri anapita kunja, wina akuweta nkhuku ndipo wanenepa. Anatsala atatu: achimwene, bambo wina amene timawatcha a Wamtali, ndi mayi wina, a Dokotala. Lachisanu lililonse atatuwa ankaimirira kutsogolo kwa bolodi limene anajambulapo mabatani ndi mawotchi a m'chipinda choyendetsera makina, n'kumayeserera kuti asaiwale. A Wamtali ankati, "Pampu yachiwiri yaima." Achimwene n'kuthamangitsa chala pa batani la choko, nkhope ili gwa, osaseka. Tsiku lina ndinawaonera pazenera. Ndinaseka mpaka misozi, ndipo misoziyo itayamba sinafune kusiya.

Kawiri konse anawaitana kunja kuti akagwire ntchito pa siteshoni yeniyeni. Anakana. Ati anaphunzira ndi misonkho ya anthu akuno. Kumene amakhala anthu amawatchula a Magetsi, ndipo magetsi akangozima pamakhala wina wokuwa ali kuseri kwa mpanda, "A Magetsi, tayatsani kumeneko." Iwo amangoseka n'kuyankha kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwambi umenewo ine ndinafika podana nawo.

Masamu awo anali apafupi. Ali ndi zaka 51, kupuma ntchito n'zaka 60, ndipo siteshoni imamangidwa zaka zisanu ndi ziwiri.

"Zinditsalira ziwiri," ankandiuza. "Zikundikwanira. Ndingolowa m'chipindamo, ndikhale pampando, ndimve makina akulira pansi pa mapazi anga. Basi."

M'mawa wa tsiku losaina anandipeza m'holo ndili pamakwerero, ndikumangirira nsalu kukhoma. Anali atavala suti ya paukwati wa mwana wawo wamkazi, nsapato zikuwala.

"Iwe, akuti ife tikhale kutsogolo. Wauona mndandanda?"

"Ndauona, achimwene. Mzere woyamba, pafupi ndi akazembe. Mwahonga ndani?"

Anaseka mpaka chifuwa chija chinawatsamwitsa. Maulendo anayi apitawo ankaima kumbuyo pafupi ndi chitseko, ndipo ulendo wina mlonda anawabweza chifukwa analibe khadi loitanira.

"Alamu ako aitana anthu kunyumba tikaweruka," anatero. "Ubwere. Usanamizire miyendo."

Mapangano amabwera m'mafayilo achikopa, aliyense wosaina lake. Tsikulo analipo anayi. Ine ndimatsegula tsamba ndi tsamba kuona ngati onse alimo, n'kumata kapepala kachikasu pamene bwana aliyense ati asaine. Kuwerenga sindiwerenga, ndinasiya kalekale, mawu ake amakhala omwewo. Koma m'fayilo la a banki munkasowa masamba awiri, 41 ndi 42. Ndinachotsa a m'fayilo lathu n'kupita nawo ku makina okopera mapepala. Makina athuwo ndi ofuna kuwanyengerera, amayamba aganiza kaye asanagwire ntchito. Ndili chiimire choncho, maso anagwera pa dzina la achimwene.

Tsamba 41 linkati banki ikufuna umboni woti dziko lathu lili kale ndi akatswiri a nyukiliya, apo ayi ngongole palibe. M'munsi mwake munali mayina atatu. Ndinamwetulira ndekha. Ndinati abale, mpaka anthu awa awakumbukira.

Kenako ndinawerenga tsamba 42. Linkati makina a achitatuwa ndi a mtundu wina, choncho masatifiketi a makina a oyamba aja sadzagwira ntchito. Oyendetsa siteshoni adzasankhidwa atsopano, osapitirira zaka 35, ndipo akaphunzira kudziko la achitatu. Ofesi ya pansanjika yachitatu itsekedwa pakatha miyezi itatu.

Ndinawerenga kawiri. Makina anali atatulutsa kale mapepala, ine osaona.

Abwana athu, mkulu wa nthambi, ndinawapeza m'khonde ali ndi mafoni awiri m'manja.

"Bwana, tsamba ili mwaliona?"

Analiyang'ana pang'ono chabe. "Mayi Mbendera, inu ntchito yanu ndi kumata timapepala."

"Awa ndi achimwene anga, bwana. Bere limodzi."

Anaika foni imodzi m'thumba n'kutsitsa mawu. "Mukuganiza kuti ndinalemba ndine? Tinalimbana nazo miyezi isanu ndi umodzi. Mwini ndalama ndiye amabwera ndi makina ake, ndipo mwini makina amafuna anthu ophunzitsa yekha. Walira mvula walira matope. Adzauzidwa nthawi yake. Lero musandisokonezere mwambo, chonde."

Maso awo anali ofiira, kolala itanyowa thukuta. Ndinafuna kuwatukwana koma ndinaona kuti nawonso ndi munthu wotopa ngati ine ndemwe. Ndinaganizako zobisa tsambalo. Koma zikanathandiza chiyani, m'mafayilo enawo linalimo. Ndinalibwezera pamalo pake, ndinaika la a banki, n'kumata timapepala tanga.

Achimwene anali atakhala kale pampando wawo, nthawi isanakwane n'komwe. A Dokotala anali kumanja kwawo atavala diresi latsopano, a Wamtali akusowa poika maondo.

"Achimwene, tabwerani kaye panja."

"Ndisachoke, wina angakhalepo. Kwagwanji?"

Ine ndine wolongolola, aliyense mu unduna akudziwa. Ndinakalipirapo kazembe chifukwa chosuntha mbendera. Koma pamenepo ndinangoloza pakhosi pawo.

"Tayi yapindika," ndinatero. Ndinaiwongola, n'kubwerera kuntchito yanga. Anali mantha basi, palibe dzina lina.

Mwambo unachedwa ndi maola awiri, monga mwa nthawi zonse. Kazembe wa achitatu analankhula za ubale wa mayiko. Wa oyandikana nafe analankhula za mafakitale amene adzatsegulidwe mbali zonse za malire. Wa banki anawerenga pepala lake mosadzutsa mutu. Ine ndinaima kumbuyo kwa tebulo lalikulu, mapazi akuwotcha m'nsapato za ntchito, ndikudziwa mawu otsatira asanawanene.

Pomaliza nduna yathu inaika pepala pansi n'kuyang'ana anthu.

"Alendo athu anatifunsa ngati tili ndi anthu odziwa ntchitoyi. Tinati tili nawo. Akatswiri athu, taimirirani anthu akuoneni."

Atatu aja anaimirira. Holo yonse inaomba m'manja, makamera onse anatembenukira kwa iwo. Achimwene anaima njo, manja m'mbali. Kazembe wa achitatu anatsika pansanja kudzawagwira chanza ndi manja awiri. Munthu ameneyo tsamba 42 ankalidziwa bwino kuposa ine.

Kenako inali nthawi yanga. Ndinatsegula mafayilo pamene panali timapepala tachikasu, ndinapereka cholembera kwa nduna, ndinasinthanitsa mafayilo kuchoka kwa uyu kupita kwa uyo mpaka onse anayi atasaina monse. Zolembera zinalemba bwinobwino. Ndinali nditaziyesa ndekha.

Anthu atatuluka kukamwa tiyi, achimwene anatsala kuti andithandize kupinda mbendera. Amatero nthawi zonse, ati ine ndimapinda mopupuluma.

"Achimwene, khalani pansi."

Sanakhale. Ndinawauza zonse mmene zinalembedwera, tsamba 41 ndi 42. Sindinakometse kalikonse. Iwo anapitiriza kupinda mbendera ya oyandikana nafe, kona ndi kona, n'kumaisalaza ndi chikhatho.

"Zaka 35," anatero.

"Eya."

"Ofesi miyezi itatu."

"Eya."

"Koma mayina athu anawafuna."

"Anawafuna kuti ngongole ituluke."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ndiye kuti ulendo uno imangidwa ndithu."

Apa ndiye mtima unandipsa. "Imangidwa, inde, koma inu mulibemo. Akuikani kutsogolo ngati maluwa awa, mawa ndikawataya kudzala. Zaka 18, achimwene. Muja anakuitanani kunja ndinakuuzani ine kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Munandimvera? Alamu anakuuzani. Amayi asanamwalire anakuuzani."

"Ndamva," anatero.

Sanakweze mawu. Ndikanakonda akanandikalipira. Anaika mbendera m'bokosi, n'kukhala pampando umene unali pafupi. Anayang'ana nsapato zawo. Kunja kunkamveka makapu ndi kuseka kwa anthu. Ndinachita manyazi ndi pakamwa panga, koma mawu anali atatuluka kale.

"A Wamtali ndi a Dokotala usawauze," anatero kenako. "Ndiwauza ndekha Lolemba. Ndi anthu anga."

Titaweruka tinakwera minibasi imodzi. Njira yonse ine ndinangoyang'ana pazenera. Wailesi ya dalaivala inkanena za pangano lathu lomwelo, ndipo bambo wina kumbuyo anati, "Tizimva tikadzaona babu likuyaka." Anthu anaseka.

Tinatsika dzuwa likadalipo. Tisanafike pageti tinamva kale mawu a anthu pabwalo ndi fungo la nyama yowotcha. Achimwene anaima.

"Alamu ako adikira zaka zomwezi," anatero. "Ine ndimakabisala mu ofesi. Iwo ndi amene amasekedwa pamsika ndi kutchalitchi. Ndiwauza, koma osati pamaso pa anthu awa."

"Ndiye titani?"

"Iwe umatha kufotokoza nkhani. Ukawauze mmene nduna inatiimiritsira."

"Achimwene, mukundipempha chinthu chovuta."

"Ndikudziwa. Ine sindingathe."

Pabwalo panali anthu ngati khumi ndi asanu, mipando yobwereka kwa aneba, mawaya owotchera nyama ali pamakala. Alamu anatuluka kukhitchini akupukuta manja pa epuloni.

"Mwafika. Alamu, takhalani apa mutiuze. Awatu mukawafunsa angoti zinayenda bwino."

Ndinakhala, ndipo ndinafotokoza. Ndinanena za mzere woyamba. Ndinayerekeza mawu a nduna, ndinaimirira kusonyeza mmene achimwene anaimira, ndinagwira chanza mayi wina ndi manja awiri ngati kazembe uja. Anthu anaseka, anaomba m'manja. Bambo amene amakonda kukuwa kuseri kwa mpanda uja anadzuka kukawagwira achimwene paphewa, ati kuyambira lero asiya kuwaseka. Sindinaname ngakhale liwu limodzi, koma sindinatopepo ndi nkhani ngati mmene ndinatopera ndi imeneyo.

Alamu anali ataima pakhomo, mbale ili m'manja, nkhope yonse ikuwala.

"Ndiye abambo, muyamba liti?"

Achimwene anakweza mutu n'kumwetulira.

"Tidikire kaye pang'ono," anatero.

Alendo anakhutira, nkhani zinapitirira. Koma alamu akhala ndi munthu ameneyu zaka makumi atatu, ndipo amadziwa mawu ake akakhala ndi chiyembekezo ndi pamene alibe. Anawayang'ana amuna awo, kenako anayang'ana ine. Ndinaweramitsa mutu.

Sanafunsenso china. Anayendayenda kugawira alendo chakudya, aliyense mbale yake, akuseka pamene pakufunika kuseka. Pomaliza anaikira achimwene, n'kuwagwira pamsana kamodzi. Kenako analowa kukhitchini n'kutseka chitseko. Ndinamva akutsegula mpopi, ndipo madziwo anatayika nthawi yaitali.