Mahatchi Otayika M'njira

Kugalaja ndinangopita kukasiya ovolosi ya mwana wanga. Ndinali nditaisintha zipi m'mawa, ndipo kushopu kwanga ndinasiya madiresi anayi osapinda m'munsi, eni ake akubwera folo koloko. Ndinati ndikhala mphindi zisanu.

Kagalimoto ka mwana wanga, kofiira, ka mipando iwiri, kanali katamangidwa ndi malamba, mateyala akumbuyo atakhala pa zigubu zachitsulo. Ndiwo makina oyezera mphamvu amenewo. Mtsikana wangayo anali pachiwongolero, bambo ake, omwe ndi makaniko, akuzungulirazungulira ngati nkhuku yofuna poikira. Mwini makina, amene onse amangomuti Magalasi, anali pakompyuta.

Loweruka kunali mpikisano wa magalimoto, woyamba kwa mtsikana wangayo. Ine sindinaufune. Ndinanena kamodzi, ndinanena kawiri, kenako ndinatopa n'kuyamba kusoka ovolosi.

Injini inalira mpaka mano anga anachita dzanzi. Itazima, Magalasi anati, "258."

"Ndiye kuti chiyani?" ndinafunsa, ndikuyang'ana wotchi.

"Mahatchi, amayi," anatero mtsikana, akutuluka. "Mphamvu imene yafika kumateyala. M'gulu lathu salola kupitirira 300, koma amawerenga ya mu injini. Mawa a mpikisano akayeza n'kupeza yapitirira, ndabwerera kunyumba."

"Nanga ya mu injiniyo muiona bwanji? Muitsegula?"

"Timangoyerekeza," anatero bambo ake, akupukuta manja pa nsanza yakuda kuposa manjawo. "Mphamvu ikachoka mu injini imadutsa mu giyabokosi, mu shafti, mpaka kumateyala. Ponseponse ikusiya msonkho. A mpikisano amati kagalimoto kokoka ndi kumbuyo ngati aka kamataya mahatchi 15 pa 100 alionse."

Anatenga choko, n'kulemba pachitseko cha kabati: 258, kuwonjezera 15 pa 100 alionse. Anapeza 297, n'kuizunguliza kawiri.

"Tili mkati. Atatu atsala osungira alendo."

Mtsikana anawakumbatira, girisi ndi zonse. Magalasi anali atayamba kale kumasula lamba woyamba.

Ine ndinayang'ana chitseko chija.

Ndine telala. Zaka zapitazo ndinadulapo makatani a nyumba yonse ndi masamu omwewa. Nsalu yake inkafupika ikachapidwa, ndiye ndinatenga muyeso wa zenera, n'kuwonjezerapo gawo lofupikalo. Atachapidwa onse analekeza m'mwamba ngati buluku la mwana wokula msanga. Chofupika chimawerengedwa pa nsalu yonse imene wadula, osati pa yotsalayo. Ndinaphunzira ndi misozi.

Ndiye ndinadziwa. Ndinadziwanso kuti ndikangotseka pakamwa, mawa akamubweza pageti, Loweruka akhala pakhomo, miyendo yonse iwiri ili yake. Palibe akanandiloza chala. Masamu anali a bambo ake.

Ndinaika ovolosi pampando. Ndinaitenganso. Ndinafika pakhomo la galaja, ndinaona minibasi ikudutsa, ndinaileka. Kumbuyo kwanga ndinkamva mtsikana akuimbira mnzake foni, mawu ali m'mwamba ngati tsiku lomwe anakhoza mayeso. Miyezi isanu ndi itatu ya kudzuka mbandakucha, zikhadabo zonse zothoka.

Ndinabwerera.

"Bambo a mwana, patseni choko."

"Mukufuna kulembapo muyeso wa m'chiuno?"

"Patseni, ndachedwa."

Ndinalemba 300. "Injini yololedwa ndi iyi, eti? Pa 100 alionse mutaya 15. Ma 100 alipo atatu. Mwataya angati?"

"45," anatero Magalasi, dzanja litaima pa lamba.

"Atsala angati ofika kumateyala?"

 Mtsikana anayang'ana pachitseko.

"255," anatero mtsikana, foni ikutsika pang'onopang'ono kuchoka kukhutu.

"Inu muli ndi 258. Alendo anu atatu aja ali panja, bambo, sali mkati."

"Iyayi, dikirani," anatero bambo ake. "15 ndi 15. Kuwonjezera, kuchotsa, n'chimodzimodzi."

"15 wa chachikulu ndi 15 wa chaching'ono n'zofanana? Mbale ya mwana ndi yanu mukazidula pakati, mugawana mofanana?"

Magalasi anadinadina pafoni. "Kugawa 258 ndi 0.85... 303 ndi theka. Amayi akunena zoona, abwana. Nanenso ndinangovomera chifukwa munazunguliza kawiri."

"Iwe ntchito yako n'kuyeza, osati kuyankha," anatero bambo ake.

Anaima pachitsekopo nthawi yaitali, milomo ikuyenda. Kenako anafufuta 297 ija ndi chigongono.

"Komatu 15 ameneyu n'ngongoyerekeza," anang'ung'udza. "Mwina kathu kamataya 12."

"Mawa mukawauze zimenezo, adadi," anatero mtsikana. "Magalasi, mangani lamba. Mphamvuyo tiibweza pang'ono, ifike 252."

Anabwera kwa ine, n'kutenga ovolosi m'manja mwanga. Anakoka zipi, kukwera, kutsika. Sanandiyang'ane.

"Mukanatha kungokhala chete."

"Ndikudziwa."

"Ndiye Loweruka mubwera?"

"Ndili ndi madiresi."

"Amayi."

"Ndaniwe, usandipanikize. Chipewa chako cha mpikisano uchimange bwino, lamba wake ndamuona ndi wotha, ubwere naye kunyumba ndimusoke."

Injini inayambanso kulira ndisanafike pamsewu. Wotchi inati kwatsala mphindi khumi kuti ikwane folo, ndipo minibasi panalibe. Ndinayamba kuyenda wapansi, mofulumira, choko chikadali m'manja.